Madala a mu Ustad Hotel aja ndi a Thilakan, ndipo eya anawachotsadi m'bungwe

Funso lomwe latipeza likuti: "Ine ndimapanga zisudzo m'gulu la achinyamata kutchalitchi kwathu. Mnzanga anandiponyera filimu ya ku India yotchedwa Ustad Hotel, muli madala ena ophika biriyani omwe andisowetsa chonena. Ndi ndani amenewa? Wina pa Facebook amati anachokera ku siteji komanso kuti anzawo anawasala, nzoona? Ndikufunsa chifukwa ife a pa siteji amatinena kuti tikaima pa kamera timakokomeza."

Achimwene mundipirire chifukwa ndilemba zambiri, nkhani ya madala amenewa ine sindimatha kuifupikitsa. Dzina lawo ndi Thilakan, lonse ndi Surendranatha Thilakan koma kwawoko palibe amene amavutika nalo dzina lalitalilo. Ndipo mwina simunadziwe kuti pomwe filimu mwaonerayo imatuluka mu June 2012 anali atatsala ndi miyezi itatu yokha, anamwalira pa 24 September chaka chomwecho ku Thiruvananthapuram, likulu la dera la Kerala ku India, ali ndi zaka 77. Ndiye inuyo mwayambira kumchira, mwaona nkhalamba yofatsa ikumwa tiyi ndi mdzukulu wake m'mbali mwa nyanja ku Kozhikode, simunaone kuti munthu yemweyo kwa zaka 30 ndi amene ankaopseza Kerala yense ndi diso lokha.

Tikonze kaye kanthu kamodzi. Ife kuno tikangoona Mmwenye pa sikirini timangoti Bollywood basi, koma Bollywood ndi mafilimu a Chihindi opangidwa ku Mumbai. A Thilakan ndi a ku Kerala, kummwera chakumadzulo kwa India mphepete mwa nyanja, komwe amalankhula Chimalayalam, anthu pafupifupi 35 miliyoni, ndipo ali ndi mafilimu awoawo, ndalama zochepa kusiyana ndi za ku Mumbai, nkhani zake za pakhomo, bambo ndi mwana, ngongole, malo a makolo, mlongo wofunika kukwatiwa. Nchifukwa chake simunawamvepo ngati mmene munamvera za Shah Rukh Khan. Chifukwa china nchoti sanakhalepo mnyamata wokongola wothamangitsana ndi mtsikana m'maluwa, iwo kamera inawapeza atakula kale, thupi lalemera, nkhope ya munthu woti wakhala akuyenda usiku zaka zambiri.

Ndipo ankayendadi usiku. Anabadwa mu 1935 ku Ayroor, nthawi imeneyo kuli ufumu wa Travancore, Kerala ngati dera anadzakhazikitsidwa mu 1956. Anakulira ku Mundakayam kumapiri komwe bambo awo ankagwira ntchito pa esiteti, inu a ku Thyolo ndi ku Mulanje mukudziwa moyo wake, kungoti uko mitengo yambiri ndi ya mphira. Anapita ku koleji ku Kollam koma sanamalize, mu 1956 iwo ndi anzawo nkuyambitsa kagulu ka zisudzo kotchedwa Mundakayam Nataka Samithy. Kenako analowa KPAC, Kerala People's Arts Club, ndipo apa mpofunika kuimapo pang'ono chifukwa KPAC sanali gulu longosangalatsa anthu ayi. Linali gulu la anthu achikomyunizimu, likulu lake ku Kayamkulam, sewero lawo la mu 1952 lolembedwa ndi Thoppil Bhasi, lomwe dzina lake limatanthauza kuti mwandisandutsa mkomyunisiti, boma linafika poliletsa, koma linazungulirabe midzi anthu nkumadzadza, ndipo Kerala atasankha boma lachikomyunizimu mu 1957 anthu ambiri ankati zisudzozo zinathandiza nawo. Ndiye mnyamata wokulira m'gulu lotere amaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kulankhula kuti wakumbuyo amve, komanso kusaopa munthu wamphamvu. Zonse ziwirizi anapita nazo kumanda.

Atachoka ku KPAC cha m'ma 1966 anadutsa ku Kalidasa Kalakendram ya ku Kollam, ku Geetha ya ku Changanassery, kenako ku gulu la P. J. Antony, ndipo ankachitanso masewero a pa wailesi ya All India Radio. Magulu amenewa moyo wake unali wa pa msewu, basi ya gulu yodzadza makatani, magetsi ndi zovala, kufika pa chikondwerero cha pa kachisi kapena cha pa tchalitchi, kumanga siteji, kusewera pakati pa usiku pamaso pa anthu okhala pansi ena oledzera ena ali ndi ana kumsana, kupasula, kugona m'basi momwemo kupita mudzi wina. Sewero limodzi kulibwereza kambirimbiri mpaka kudziwa kuti liwu ili ukalichedwetsa pang'ono anthu amakhala chete, ukalifulumiza amayamba kugula mtedza.

P. J. Antony yemweyo ndi amene anawalowetsa mu filimu, Periyar ya mu 1973. Werengani bwino, kuchoka 1956 kufika 1973 ndi zaka 17 ali pa siteji, ali ndi zaka pafupifupi 38 ndi pomwe akuona kamera koyamba, ndipo filimuyo siinawatengere patali. Amene anawaona bwinobwino ndi dayilekitala K. G. George, anawaika mu Ulkadal mu 1979, mu Kolangal mu 1981, kenako Yavanika mu 1982 yomwe inawapatsa mphoto yoyamba ya boma la Kerala. Yavanika inuyo muifunefune ndithu chifukwa ndi nkhani ya gulu la zisudzo loyendayenda lomwe woimba ng'oma wake wasowa, wapolisi wofufuza ndi Mammootty, katswiri wotchuka wa mafilimu a Chimalayalam, adakali wachinyamata, ndipo a Thilakan ndi mwini gulu, bwana wowerengera khobidi lililonse, wokalipa, woganiza za buking'i ya mawa pomwe anthu ake akufunsidwa mafunso ndi apolisi. Munthu ngati ameneyo anali atakhala naye m'basi zaka zambiri, sanafunike kumufufuza kwina. Apa nkuti ali ndi zaka 47.

Tsopano funso lanu lenileni, loti a pa siteji amakokomeza. Amene amakunenaniwo sakunama kwenikweni, ndaonapo anyamata aluso kwambiri pa siteji atawaika pa kamera nkumatong'ola maso ngati akufuna kuti agogo a pa benchi yomaliza aone, pomwe kamera ili pamphuno pawo. Koma vuto pamenepo si siteji, vuto ndi loti mnyamatayo pa siteji anangotolapo kukuwa ndi kutambasula manja, sanatolepo chinthu chachikulu chomwe siteji imaphunzitsa, chomwe ndi kumva anthu. Munthu amene waima pamaso pa gulu maulendo mazana amadziwa pomwe mtima wa woonera uli mphindi iliyonse, amadziwa kuti kukhala chete kumalemera bwanji ndipo angakusunge nthawi yaitali bwanji kusanathyoke. A Thilakan atafika pa kamera anachepetsa thupi koma muyeso uja anausunga. Muwaonetsetse, nthawi zambiri saima pakati, amakhala pa mpando, mutu wowerama pang'ono, nkumuyang'ana mnzawo chapansipansi, ndiye akamayankha sayamba pomwe mnzawo wamalizira ayi, amasiya kampata, ndipo kampata kameneko ndi komwe inu woonera mumayamba kuchita mantha. Komanso amamvetsera zenizeni. Ochita zisudzo ambiri mnzawo akamalankhula amangodikira nthawi yawo, nkhope ili yowuma, koma iwowa ukawayang'ana pomwe sakulankhula ndi pomwe ntchito yambiri ikuchitika.

Palinso nkhani ya mawu. Mafilimu a Chimalayalam a nthawi imeneyo mawu sankajambulira pamalo pomwepo, ankajambula zithunzi kaye kenako aliyense nkukalowa mu situdiyo kukalankhulanso mawu ake motsatira milomo. Kwa munthu wozolowera wailesi imeneyo ndi mphatso, chifukwa pa maikolofoni sufunika kufikira benchi yomaliza, utha kunong'ona, utha kusweka mawu pakati pa chiganizo, ndipo mawu awo anali olemera okhala ngati akuchokera pansi pa mimba. Mwina nchifukwa chake ana awo awiri, Shammi ndi Shobi, anadzatchukanso pa ntchito yomweyo yoika mawu m'mafilimu, Shammi ndi wazisudzonso payekha.

Chomwe anthu aku Kerala amawakumbukira nacho kwambiri ndi ubambo. Anakhala bambo wa Mohanlal, katswiri winanso wotchuka kumeneko, m'mafilimu angapo, ndipo awiriwa akakumana pa sikirini zimakhala ngati nyumba yomwe mukuidziwa. Kireedam ya mu 1989, yolembedwa ndi Lohithadas dayilekitala wake Sibi Malayil, ine ndimaitenga ngati sukulu. A Thilakan ndi wapolisi wamba dzina lake Achuthan Nair, wakalamba pa ntchito osakwera, maloto ake onse ali pa mwana wake woyamba kuti adzakhale insipekitala, adzamupatse sailuti mwana wake yemwe. Tsiku lina chigawenga chikumenya bamboyo pamsika mwanayo nkulowerera, kuchigwetsa, ndiye kuyambira pamenepo mudzi wonse wayamba kumutenga mnyamatayo ngati chigawenga chatsopano, iye sakufuna koma aliyense akumukankhira komweko, mpaka kudzafika popha munthu. Pali malo awiri kumapeto. Poyamba bambo akuchonderera mwana wake kuti ataye mpeni, apa ndi pomwe mawu amasweka, ndipo wina aliyense wodziwa kulira akhoza kuyesako. Koma achiwiriwo ndi omwe amandipha ine, bambo yemweyo ali mu yunifolomu, waima mowongoka pamaso pa bwana wake, akupereka lipoti loti mwana wake sakuyenera kulowa upolisi chifukwa ndi chigawenga. Salira, sagwedeza manja, akungogwira ntchito yake monga mwa malamulo, ndiye iwe woonera ndi amene umalira mmalo mwake. Munthu wa pa siteji ameneyo, wokokomeza uja amanena anzanuwo.

Mu Spadikam ya mu 1995 anatembenuza chikhatho. Uku ndi Chacko, mphunzitsi wa masamu wolandira mendulo, amene amakhulupirira kuti dziko lonse limayenda ndi masamu, ndipo mwana wake ndi waluso la manja, wopanga tizipangizo, koma masamu ayi. Bamboyo amamunyoza mwanayo pamaso pa anzake mpaka kumuswa mtima, mwana nkuthawa pakhomo kudzabwera ali munthu wa ndewu. Aliyense amene anakulira m'nyumba ya aphunzitsi akale amuzindikira bambo ameneyu, si munthu woipa mtima mwadala, ndi munthu woti akudziona kuti akulondola ndipo nchimene chikuopsa. A Thilakan sankamupempherera chifundo munthu amene akumusewera, sankatsinzinira woonera kuti ine ndine wabwino ndikungosewera, ankamusiya akhale wouma mpaka nthawi yake yosweka itakwana. Pa nkhanza zenizeni muone Namukku Parkkan Munthirithoppukal ya dayilekitala Padmarajan ya mu 1986 momwe ali bambo wopeza, ameneyo sindikufuna nkumufotokoza komwe, koma patangopita zaka ziwiri Padmarajan yemweyo anawapatsa Moonnam Pakkam momwe ali agogo odikira mtembo wa mdzukulu wawo womira m'nyanja, ali ndi zaka 53 zokha koma kuyenda kwake kwa munthu wa zaka 75.

Nthabwala ankathanso, mu Nadodikkattu ndi bwana wa zigawenga wamantha, mu Kilukkam ndi jaji wopuma wokangana ndi wantchito wake tsiku ndi tsiku, ndipo njira yake inali yomweyo, osaseka, osasonyeza kuti akudziwa kuti nzoseketsa.

Pa mafilimu oposa 200 omwe anachita, ochepa okha ndi omwe iwo anali mwini nkhani, ndipo waukulu mwa amenewo ndi Perumthachan, yolembedwa ndi M. T. Vasudevan Nair kuchokera ku nthano yakale ya ku Kerala ya mmisiri wamkulu wa matabwa womanga akachisi, amene mwana wake anayamba kumuposa luso komanso kuswa miyambo, mpaka tsiku lina bamboyo ali pamwamba pa denga chida chakuthwa chosemera chinagwa nkupha mwanayo ali pansi. Inawapatsa mphoto ya boma la Kerala ya katswiri woposa onse ya 1990, anadzaitenganso ya 1994. Koma mphoto ya dziko lonse la India ya chaka cha 1990 inapita kwa Amitabh Bachchan wa ku Bollywood pa filimu ya Agneepath, ndipo mpaka lero ku Kerala mukaiyambitsa nkhani imeneyi anthu sagona, ambiri amati anaberedwa. Ya dziko lonse a Thilakan anali atatengapo kale ya wothandizira pa filimu ya Rithubhedam ya mu 1987, anadzalemekezedwanso pa Ekantham ya mu 2006, ndipo mu 2009 boma la India linawapatsa ulemu wa Padma Shri.

Nde taonani, 2009 Padma Shri, 2010 ntchito palibe. Wa pa Facebook uja sananame. Ku Kerala kuli bungwe la ochita mafilimu lotchedwa AMMA, zomwe zimaseketsa chifukwa liwu loti amma m'Chimalayalam ndi mayi, ndiye kuli FEFKA ya madayilekitala ndi amisiri ena. Panali dayilekitala wina, Vinayan, amene anayambana ndi akuluakulu a mabungwewa ndipo anthu ankauzidwa chamseri kuti asagwire naye ntchito. A Thilakan anakachita nawo filimu yake. Zotsatira zake anawachotsa mu Christian Brothers, filimu yaikulu yomwe anali atalonjezedwa kale, kenako mu Dam 999. Wina akanakhala chete nkukapepesa kuseri, koma awa ndi a KPAC aja, anapita kwa atolankhani nkunena poyera kuti mafilimu a Chimalayalam agwidwa ndi kagulu kochepa kozungulira akatswiri otchuka kwambiri, kuti kaguluko kamasankha amene adye ndi amene agone ndi njala, mpaka anagwiritsa ntchito liwu loti mafiya. AMMA inawauza kuti apepese, anakana, mu April 2010 nkuwachotsa umembala. Munthu wa zaka 74, wodwaladwala, amene theka la anthu okhala pa tebulo lowaweruzalo anakhalapo ana ake pa sikirini. Wolemba wotchuka Sukumar Azhikode anawaikira kumbuyo mpaka kulozana zala ndi Mohanlal m'manyuzipepala, koma anzawo a ntchito ambiri anangoyang'ana kumbali, aliyense kuopa mphika wake.

Sindikufuna kuwapaka mafuta ayi. Anali munthu wovuta, wolusa msanga, wodziwa kuti ndi katswiri ndipo osabisa, anayambanapo ndi anzawo akale poyera, ankanenanso kuti tsankho la mitundu likuwapondereza ndipo ena omwe ankawalozawo anakana kwamtuwagalu. Ndikukhulupirira kuti kukhala nawo pa seti tsiku lonse sikunali kophweka. Koma kuvuta kwa munthu ndi nkhani ina, kumutsekera pakamwa pa chakudya chifukwa wagwira ntchito ndi munthu amene simukumufuna ndi nkhani inanso. Ndipo zaka zinadzawayankhira okha atagona kale. Mu 2017 Competition Commission of India, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, linapeza kuti AMMA ndi FEFKA anamutchingiradi Vinayan ntchito ndipo linawalipiritsa chindapusa. Mu August 2024 lipoti la komiti ya jaji wopuma K. Hema, lomwe kwenikweni limafufuza za nkhanza zochitikira amayi m'mafilimu, litatulutsidwa linanenanso za kagulu ka anthu amphamvu kolamulira zonse ndi kusala amene akatsutsa, komiti yonse yoyendetsa AMMA pamodzi ndi pulezidenti wake Mohanlal nkutula pansi udindo mwezi womwewo. Masiku amenewo dzina la Thilakan linali pakamwa pa aliyense.

Nthawi yomwe anawasalayo anachita chomwe inu mukanachita, anabwerera ku siteji. Apa ndi pomwe ine ndimati amene anayambira ku siteji ali ndi kwawo. Wa filimu yekha akamutsekera chitseko amafunika kamera, magetsi, ndalama za wina, holo ya wina, pomwe uyu amangofuna anthu khumi, katani ndi bwalo. Kenako dayilekitala Ranjith anawabweza mu filimu ya Indian Rupee mu 2011, momwe ali nkhalamba yanzeru yotayidwa ndi ana ake, ndipo anthu oonera ankadziwa bwino kuti sakuona sewero lokha. Ndiye kunabwera Ustad Hotel yanuyo, ya Anwar Rasheed yolembedwa ndi Anjali Menon, iwo ali Kareem mwini kalesitilanti kakale, mdzukulu wake ndi Dulquer Salmaan, amene ndi mwana weniweni wa Mammootty uja anali wapolisi mu Yavanika zaka 30 mmbuyomo. Kufatsa mwakuona muja, kuyenda pang'onopang'ono, kupuma pakati pa mawu, zina ndi luso zina ndi thupi lomwe linali litatopadi, ndipo sanabise, anangolitenga nkuligwiritsa ntchito.

Poti muli ndi gulu, yesani izi pa pulakatisi yanu ikubwerayi. Pezani malo awiri a kumapeto kwa Kireedam aja, pa YouTube tizidutswa take timapezeka. Koyamba muonere mutatseka mawu, aliyense alembe chomwe akuganiza kuti bamboyo akumva ndi mphindi yomwe zasintha. Kachiwiri mutembenuze foni muzingomva mawu okha, Chimalayalam simukuchimva ndiye simusokonezedwa ndi tanthauzo, muzingowerenga kuti akupuma pati, akutsitsa pati, akusiya mpata wautali bwanji asanayankhe. Kenako mutenge sewero lanu lomwe mumachita kutchalitchi, musankhe malo amodzi a bambo ndi mwana, muwachite kawiri, koyamba ngati holo yadzadza, kachiwiri mnzanu atagwira foni pafupi kwambiri ndi nkhope yanu, manja muwakhalire kuti asayende, ndipo mnzanu akamalankhula musamakonzekere mzere wanu, muzimumvera. Mukaonera zomwe mwajambulazo mudzandiuze kuti ndani m'gulu mwanu amene wapirira kukhala chete masekondi asanu osaphethira dala kapena kuseka.